Filimu ya Kamkwamba: yabwino, koma madzi aja ndi bodza

Ndapereka nyenyezi zitatu mwa zisanu, ndipo chimene chachotsa ziwirizo ndi mapeto ake.

Mu The Boy Who Harnessed the Wind, mphepo ikuomba, makina akuzungulira, pampu ikuyamba kukoka, madzi akutuluka m'chitsime n'kumayenda m'munda, mudzi wonse wapulumuka ku njala. Ana anga anawomba m'manja, ine mtima ukuwawa. Amene anawerenga buku limene William Kamkwamba analemba ndi Bryan Mealer mu 2009 akudziwa kuti makina oyamba aja, amene anamanga kwawo ku Masitala ali ndi zaka 14, anali oyatsira babu ndi kulizira wailesi. Sanapope madzi ngakhale dontho. Za madzi zinabwera patapita zaka, atayankhula kale pa msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, anthu akunja n'kuyamba kumuthandiza. Njala ya 2001 mpaka 2002 sinathe ndi makina a mwana. Amene anapulumuka anapulumukira gaga, nkhwani ndi maganyu mpaka dowe atacha, enawo tinakawaika m'manda. Ndiye kundionetsa madzi akusefukira njala ili pakati, mukufuna mzungu wa ku London aganize chiyani? Kuti anthu a ku Kasungu ankafa chifukwa palibe amene anaganizira za dayinamo, pomwe chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa? Mnyamata wochotsedwa sukulu ku Kachokolo chifukwa cha fizi, n'kuyatsa magetsi ndi zitsulo zotola, nkhani imeneyo inali yokwanira payokha.

Dayinamo yomweyo anamugulira ndi mnzake Gilbert, mwana wa mfumu, ndi ndalama za m'thumba mwake. Filimu yachotsa ulemu umenewo n'kuupereka ku njinga ya mphunzitsi amene anathawa ndi Annie, mlongo wake wa William. Laibulale nayo inali ku pulayimale ya Wimbe, osati kusekondale kumene akumuonetsa William akulowa mozemba.

Kenako mnyamata wa pamsika amene anandiikira filimuyi mu fulashi. Mtengo ndi womwe uja wa masiku onse, koma anandipatsa yopanda mawu olembedwa apansi aja, ati "bwana, ndi Chichewa chathu chomwechi, simuvutika." Chichewa chake chiti? Chiwetel Ejiofor, amene anatsogolera filimuyi n'kusewera ngati bambo a William, anayesetsa, sindikukana, koma Maxwell Simba wosewera ngati William ndi wa ku Kenya, Aïssa Maïga wosewera ngati mayi ake anakulira ku France, ndipo pakamwa pawo mawu amatuluka ngati nsima yosapsa. Mayi anga anandifunsa kuti, "Kodi awawa akuyankhula chinenero chanji?" Amene tinkamumva popanda kubweza m'mbuyo ndi Lily Banda, wosewera ngati Annie. Nditabwerera kwa mnyamata uja anangoseka, ati katundu wolowa mu fulashi sabwezedwa. Ameneyo sadzaonanso ndalama yanga, ndipo kukwiya kwanga ndi iye mwina kwalowerera mu nyenyezi zimenezi.

Komabe pali malo amene ndinasowa chonena. Pamene anthu akukankhana pa depoti ya chimanga, zitseko zikutsekedwa ena ali panja ndi matumba opanda kanthu, mayi anga anadzuka n'kupita kukhitchini osanena kalikonse. Zimenezo ndi momwe zinalilidi pa ADMARC chaka chimenecho. Mfumu Wimbe kumenyedwa itanena za njala pa msonkhano wa pulezidenti, zili m'buku, ndipo sanazibise. Anajambulira konkuno, dothi ndi lathu, gule ndi wathu, sanapite kukamanga mudzi wabodza ku Joni. Banja likudya kamodzi patsiku n'kumakambirana kuti chakudyacho chikhale cha nthawi iti, apo Ejiofor anagwira ntchito.

Ionereni, koma mupeze ya mawu apansi, ndipo muone kaye ikusewera musanalipire. Aphunzitsi amene mukuonetsa ana m'kalasi, muwauze chaka chimene magetsi anayaka ndi chaka chimene madzi anabwera, chifukwa mwana wanga wa Fomu 2 anali atayamba kale kutsutsana nane.