Matewera a akuluakulu: omata, a kabudula kapena ochapa?

Ndine telala, ndipo chino ndi chaka chachinayi ndikuvala thewera usana ndi usiku. Msana wanga unavulala pa ngozi ya galimoto. Kuyenda ndinayambiranso, ndi ndodo, koma chikhodzodzo sichinabwerere mwakale: chimandiuza mochedwa, nthawi zina osandiuza n'komwe. Zaka ziwiri ndinalimbana nacho. Tiyi ndinkakana, kutchalitchi ndinkakhala benchi ya pakhomo, pamaliro ndinkangopepesa n'kubwerera. Tsiku lina ndikuyeza kasitomala jekete, tepi ili m'manja, ndinamva kutentha kukutsika m'mwendo. Madzulo ake ndinauza mayi a kunyumba kuti, "Amayi, ine ndatopa kuthamanga. Kuyambira mawa ndizivala tsiku lonse." Iwo anangoti, "Bola mupeze mtendere, bambo. Tiyeni tiwerengere limodzi zofunika."

Kuwerengera kumeneko ndi kumene ndikufuna tikambirane, anzanga amene muli pa ulendo womwewu, kaya ndi chifukwa cha sitiroko, opaleshoni ya prostate, shuga, ukalamba kapena kuvulala ngati ine.

Koma musanagule katoni, kaonaneni ndi dokotala. Kudontha kwina kumachira. Mayi amene anayamba kuchucha mkodzo atabereka movutikira akhoza kukhala ndi fistula, kabowo kong'ambika pakati pa chikhodzodzo ndi njira yoberekera, ndipo imeneyo amasoka. Ku Bwaila ku Lilongwe kuli malo othandizira odwala fistula mwaulere. Matenda a m'njira ya mkodzo, shuga wosasamalidwa, ngakhale kudzimbidwa kwa nthawi yaitali, zonsezi zimawonjezera vutoli. Ovulala msana ena chikhodzodzo sichikhuthula mkodzo wonse, ndipo wotsalirawo ungawononge impso, ndiye thewera lokha silikwanira. Mtima umandipweteka ndikamva za munthu amene wabisala m'nyumba zaka zambiri ndi vuto loti likanatheka.

Tsopano masamu. Munthu wamkulu amataya mkodzo pafupifupi lita imodzi ndi theka pa tsiku. Ine ndikamavala otaya okhaokha ndimasintha kanayi: m'mawa, masana, madzulo, ndi pogona. Ndi matewera 120 pa mwezi, kapena mapaketi 12 a khumikhumi. Lembani chiwerengero chanu kwa sabata yathunthu musanasankhe chilichonse, chifukwa ambirife timadzinamiza kuti awiri akwana, kenako khungu n'kumalipira.

Ndiyambe ndi omata m'mbali, amene anthu ambiri amangowatchula kuti mapampasi a akuluakulu. Awa ndiwo ngwazi pa kusunga madzi. M'kati mwake muli timchenga ta sodium polyacrylate timene timamwa mkodzo n'kusanduka ngati phala lolimba, moti ngakhale mukhale pansi subwerera msanga pakhungu. Abwino ali ndi timipanda ta lastiki m'mbali. Musanavale, litambasuleni, lipindeni pakati m'litali ngati bwato kuti timipandato tidzuke. Mukalivala lili phwatalala monga lachokera m'paketi, lidontha m'ntchafu ngakhale likhale lodula chotani. Ubwino wina umene sindinauganizire poyamba ndi woti mumasintha osavula buluku kapena nsapato. M'chimbudzi cha pamsika, pansi pali chinyezi, ndodo ili kudzanja limodzi, chimenechi si chinthu chaching'ono. Ndimatsamira khoma, thewera n'kulipanikiza ndi matako, ndiyeno ndimamata zomatira za m'munsi moloza m'mwamba pang'ono, za m'mwamba moloza m'munsi. Kwa wogona pabedi amene akusinthidwa ndi womusamalira, palibenso mpikisano, omata ndiwo oyenera.

Vuto lawo lili pawiri, ndipo lonse ndi lalikulu. Loyamba ndi ndalama. Amene timawaona m'mafamase ndi m'masitolo akuluakulu ndi ochokera kunja, ndiye amavina ndi dola. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ine ndinazimva m'thumba mwezi usanathe. Komanso mtundu umene mwauzolowera ukhoza kusowa osatsanzika. Amene muli ndi abale ku Joni, kumeneko masitolo ngati Clicks ndi Dis-Chem amakhala ndi mitundu yodziwika monga TENA ndi MoliCare, ndipo mbale akamabwera pa basi katoni imodzi imathandiza kwambiri. Koma musamange moyo wanu pa katundu wodikira. Lamulo langa ndi loti paketi ziwiri zomaliza si zogwiritsa ntchito, ndi belu londiuza kuti ndikagule ena.

Lachiwiri ndi kotaya. Matewera 120 ndi mulu, anzanga. M'chimbudzi chogejemula musayerekeze, amatseka mapaipi. M'chimbudzi chokumba sawola, amafufuma, dzenje limadzadza nthawi isanakwane, ndipo ngati muli pa lendi mudana ndi alandilodi ndi anthu a pampanda onse. Kuwotcha n'kovuta chifukwa ndi onyowa, amangofuka utsi wa pulasitiki. M'mawa wina ndinapeza agalu afukula dzala, matewera anga ali mbwee mpaka kumsewu, ana akupita kusukulu. Ndinatola ndekha, limodzilimodzi, ndipo tsiku limenelo makina sindinawakhudze. Kuchokera pamenepo ndimalikulunga, n'kulimata ndi zomatira zake zomwe, n'kuliika m'jumbo, n'kuponya m'ndowa ya chivundikiro. Kumene galimoto ya zinyalala imafika, amapita ndi imeneyo. Kumene sifika, kumbani dzenje lakelake lakuya, kutali ndi chitsime, ndipo muzikwirira dothi nthawi iliyonse.

A kabudula, aja ongokoka ngati panti, ndiwanena mwachidule chifukwa maganizo anga pa iwo ndi achidule. Ndi abwino kwa amene nthawi zina amafika kuchimbudzi: mumatsitsa, mumakweza, basi. Saoneka pansi pa zovala, sachita phokoso, ndipo kwa gogo amene akukana thewera chifukwa cha ulemu wake, awa amawalandira msanga. Koma kawirikawiri limodzi limadula kuposa lomata, limasunga ochepa, ndipo mukagona chammbali limadontha. Kuvula n'kosavuta, mumang'amba m'mbali; kuvala latsopano ndiye mpaka nsapato ndi buluku zichoke. Ine ndimasunga paketi imodzi ya masiku a ukwati ndi a msonkhano, pamene ndavala suti. Kuwavala tsiku lonse, mwezi wonse, ndi kuthira ndalama m'thumba lobooka.

Pa ochapa ndikhalitsapo, pakuti ndi amene anandipulumutsa, ndipo ndi amene anthu amawanyoza asanawayese.

Oyamba ndinasoka ndekha. Ndinagula mathaulo a thonje pa kaunjika, ndi nsalu yofewa ya flanelo yoti izikhudza khungu. Cholakwa changa choyamba chinali kusoka magawo asanu ndi limodzi pamodzi kuti likhale lochindikala. Linkamwa bwino, koma masiku awiri pachingwe pakati pali chinyontho, kenako fungo la nkhungu. Tsopano ndimasoka mosiyana: chakunja chopyapyala chooneka ngati kabudula wotseguka m'mbali, cha mabatani kapena zomata, ndipo zoyamwa ndi tinsalu tatitali tapadera topinda patatu. Pochapa timatambasuka, padzuwa la masana timauma maola ochepa. Masana ndimaika kamodzi, ndikafuna kukhalitsa tiwiri. Abambo, zoyamwazo zichuluke kutsogolo. Amayi, pakati ndi kumbuyo. Pamwamba pa zonse pamafunika kabudula wosalowa madzi. Popanda ameneyu thewera la nsalu ndi thaulo chabe, mpando unyowa. Lastiki wake agwire ntchafu koma asasiye mzere wofiira, ndipo kansalu kakangotulukira kunja ngakhale pang'ono, kamakoka madzi n'kunyowetsa buluku.

Ndili ndi akunja 8, tinsalu 20 ndi makabudula apulasitiki 4. Ndalama yake ndinailipira kamodzi, ndipo zatha chaka ndi miyezi. Koma asakunamizeni kuti ochapa ndi aulere. Mumalipira ndi madzi, sopo, dzuwa ndi msana wa wochapa. Ine ndimatsukuluza ndi madzi ozizira ndikangovula, n'kuika m'ndowa yovundikira, ndipo sindilola kuti adutse tsiku lachiwiri. Sopo wotsalira m'nsalu ndiye amayabwitsa, choncho kutsukuluza ndi kawiri kapena katatu. Mankhwala ofewetsa zovala musathire, amakuta ulusi n'kuletsa nsalu kumwa. Jik wa tsiku ndi tsiku amadya nsalu, komanso asakumane ndi mkodzo wosatsukuluza chifukwa mpweya wake ndi woipa. Dzuwa ndiye mankhwala enieni a fungo. Ndiye taganizani za Januwale mvula ikugwa sabata yathunthu, kapena chiperoni cha mu Julaye kuno ku Blantyre, kapena mpopi utauma masiku atatu. Nthawi zoterezi ochapa amakugwiritsani mwala, ndipo amene alibe otaya osungira amavala chonyowa.

Nkhani ya chingwe nayonso ndi yeniyeni. Anthu oyandikana nawo amaona. Mayi a kunyumba anamanga chingwe kuseri, pakati pa nyumba ndi mpanda, ndipo tinsalu totambasula timangooneka ngati mathaulo wamba. Kuchapa ndimachapa ndekha ndikakhala ndi mphamvu, nditakhala pa mpando, beseni lili pa tebulo. Sindifuna kuti chisankho changa chisanduke goli la munthu wina, ndipo ngati kwanu wochapa ndi mkazi wanu, mwana wanu kapena mlongo wanu, mawu ake pa nkhaniyi alemere ngati anu.

Pa khungu, mitundu iwiriyi imasiyana zedi. Nsalu imasunga chinyontho pathupi, ndiye imafuna kusintha ikangonyowa, mwina maola awiri kapena atatu alionse. Lotaya limaumitsa pamwamba, koma limanyenga: mumamva ngati muli bwino, mumafuna kupulumutsa ndalama, mumalisiya maola khumi. M'kutentha kwa Okutobala, la pulasitiki kunja limaphika mphechepeche. Ndinasupukapo khungu mpaka kulephera kukhala pa makina sabata yathunthu. Chimene chinandichiritsa si thewera lodula ayi. Ndi kusamba ndi madzi ofunda posintha, kupukuta mogunditsa osati mokhula, kupaka mafuta a zinc oxide mopyapyala, ndi kugona pa makintoshi ndi thaulo kwa theka la ola tsiku lililonse kuti mphepo ipite. Vaseline wambiri amamatirira pa thewera n'kulitseka, mkodzo n'kumangoyenderera. Amene simumva bwino kumunsi, dziyang'aneni ndi kalilole tsiku lililonse; malo ofiira amene sakuchoka, kapena chilonda chotseguka, n'zofunika kuchipatala msanga. Ndipo chimbudzi chachikulu chikachitika, kaya mwavala la mtundu wanji, sinthani pompo.

Pali njira zachidule zimene zimangotaya ndalama. Kuvala matewera awiri otaya nthawi imodzi sikuthandiza, pulasitiki ya lamkati imatseka njira ndipo madzi amatulukira m'mbali. Mapadi a amayi a kumwezi anapangidwira magazi, mkodzo wobwera mwamphamvu sauletsa. Kugula saizi yaikulu poganiza kuti isunga ambiri ndiye kudontha kwenikweni. Yezani ndi tepi m'chiuno ndi m'matako, tengani nambala yaikuluyo, muyerekeze ndi masentimita olembedwa pa paketi, chifukwa Medium wa kampani ina ndi Large wa ina. Nambala ya mamililita pa paketi nayonso musaikhulupirire yonse: amaipeza poviika thewera lonse m'madzi, pamene pathupi limadontha lisanafike n'komwe pamenepo. Ndipo chonde musadzimane madzi akumwa. Mkodzo wochepa wa chikasu ndiwo umanunkha, umaotcha khungu ndi kuputa chikhodzodzo. Chepetsani tiyi, khofi ndi mowa, makamaka madzulo, koma madzi imwani.

Abambo ena amapeza mpumulo ndi kachipangizo kovala ngati kondomu kolumikiza ku thumba la pamwendo. Kamachepetsa matewera, koma kamafuna saizi yoyenera ndi kusintha tsiku lililonse. Paipi yokhalira m'kati mwa chikhodzodzo ndi nkhani ya dokotala, chifukwa imabweretsa matenda mosavuta. Musaisankhe pofuna kupulumutsa ndalama ya matewera.

Ndiye ine ndinaima pati? Sindinasankhe mtundu umodzi, ndinagawa tsiku. Ndikakhala pa makina, pakhonde la nyumba yanga, bafa lili pafupi, ndimavala ochapa. Usiku ndimavala lomata labwino, limodzi lokha mpaka m'mawa, pa matiresi pali makintoshi. Tulo tosadukiza ndi toyenera mtengo wake. Ulendo, tchalitchi ndi kuchipatala, lomatanso. Mwa njira imeneyi otaya anatsika kuchoka pa 120 kufika pafupifupi 45 pa mwezi, ndipo dzenje silidzadza msanga. Mvula ikayandikira, mu Okutobala, ndimagula mapaketi owonjezera pang'onopang'ono n'kuwasunga pamwamba pa kabati, pouma, chifukwa chinyezi chimawaononga asanavalidwe. Amene mumagwira ntchito mu ofesi kapena mumayenda tsiku lonse, kagawidwe kanu kapendekera kwa otaya. Amene muli kumudzi, mjigo uli pafupi koma famase ili kutali, kapendekera kwa nsalu.

Mwezi wathawu kunagwa maliro a malume anga ku Ntcheu. M'chikwama ndinaika omata khumi a masiku awiri, awiri mwa iwo ongoyembekezera, majumbo akuda, kansalu kosambira, sopo, zinc oxide, tochi ndi buluku lina lakuda. Ndinasintha ndisanakwere basi. Titafika ndinakokera pambali msuweni wanga n'kumuuza kuti, "Achimwene, ndifuna malo obisika osinthira usiku, ndi ndowa ya madzi." Sanafunse zambiri, anandionetsa bafa la udzu kuseri kwa nkhokwe. Ndinachezera pamoto ndi amuna anzanga mpaka tambala woyamba, ndinayimba nawo, ndipo m'mawa ndinaperekeza malume mpaka kumanda. Zovula ndinabwera nazo m'jumbo yomanga kawiri, ndinadzataya kuno.