Lole ikafooka pa Khwekhwerere: maso a makaniko kapena kompyuta?

Mu Okutobala, lole yochokera ku Golomoti imatha kufooka pokwera Khwekhwerere, magiya a otomatiki n'kumangodumphadumpha. Ikafika kozizira ku Dedza, yachira yokha. Muyambira pati?

Makaniko wa m'mbali mwa msewu amayamba ndi maso: fumbi ndi udzu pa rediyeta ndi intercooler (choziziritsa mpweya wolowa mu injini), fani ngati ikuzungulira injini ikatentha, sefa ya dizilo, mafuta a giyabokosi. Mafutawo akada n'kumanunkha chopserera, vuto laoneka. Njirayi ndi yotchipa, ndipo kutsuka rediyeta kokha kumatha kuthetsa nkhani, poti injini zamakono zimadzichepetsera mphamvu dala zikatentha kwambiri. Kuipa kwake, akasowa pogwira amayamba kukugulitsani zipangizo mongoganizira.

Kompyuta yopimira galimoto imawerenga makodi, omwe ndi manambala osonyeza vuto amene galimoto yasunga. Imagwira sensa (kachipangizo koyeza zinthu monga kutentha) kapena waya wolephera pokhapokha watentha, zomwe maso sangaone m'mawa injini itazizira. Koma ilumikizidwe lole ili yotentha, makamaka pachitunda itasenza katundu, ndipo makaniko asafufute makodiwo musanawalembe.

Ine ndimayamba ndi rediyeta. Za kompyuta ndimalipira vuto likabwereranso zonse zili zoyera.