Funko, Black Series, Gunpla kapena za pa kaunjika: chidole chiti chingapirire Mzuzu?

Okonda masizoni a zam'mlengalenga sagwirizana pa kanema. Wina amati The Mandalorian ndiyo idadzutsa Star Wars itatuluka mu 2019, wina amati nkhani yolembedwa mwakuya ili mu Andor ya 2022. A Star Trek amakumbutsa anzawo kuti zawo zidayamba mu 1966, a Doctor Who n'kuyankha kuti BBC idayamba kuonetsa yawo mu 1963. Koma munthu akagwira ndalama kuti agule chidole choika m'kabati, funso limasintha. Kanema wokoma sabala chidole chabwino nthawi zonse, ndipo chidole chimene chimakhala bwino ku London kapena ku Tokyo chiyenera choyamba kupirira ulendo wa basi yochokera ku Johannesburg, kenako chinyezi cha ku Katoto ndi ku Luwinga.

Tiyambe ndi kanemayo. Ife timaona kuti Andor imaposa The Mandalorian pa kalembedwe, koma pa zidole zinthu zimatembenuka. Anthu ambiri a mu Andor amavala majekete wamba, ndiye chidole chonse chimadalira nkhope, ndipo diso likapentedwa mokhota pang'ono munthuyo sadziwikanso. Din Djarin, mwini nkhani wa mu The Mandalorian, amavala chisoti chobisa nkhope yonse, choncho palibe poti fakitale ingalakwitse kwenikweni. N'chimodzimodzi ndi Dalek (chilombo chokhala m'chigoba chachitsulo) ndi TARDIS (chombo chooneka ngati bokosi labuluu) a mu Doctor Who, ngakhalenso maloboti a Gundam. Ngati mukuitanitsa chinthu chimene simuchigwira m'manja musanalipire, sankhani chachisoti, loboti kapena chombo. Chankhope ya munthu muzifuna chithunzi cha chidole chenichenicho chojambulidwa pafupi, osati chithunzi cha kampani.

Funko Pop ndi imene ambiri amayambira, chifukwa pafupifupi kanema aliyense ali nayo yake. Ndi kachidole ka vinyl kotalika pafupifupi masentimita 10, mutu waukulu, maso akuda, kopanda molumikizira manja kapena miyendo. Kulimba kwake n'kosakayikitsa, mwana akhoza kukagwetsa kangapo osasweka. Za Star Wars zimabwera ndi mutu wa pa sipuling'i ndi poimikira pake, ndipo sipuling'iyo ndi imene imapindika panjira, mutu n'kutsala wopendekera. Mukaupotoza pang'onopang'ono motsata mmene waya wazungulirira umabwerera, koma mukaukoka molunjika m'mwamba waya amatambasuka osabwereranso.

Vuto la Funko kuno ndi bokosi. Kwa osonkhanitsa, mtengo wake waukulu uli pa katoni ija ya windo la pulasitiki, ndipo katoni ndiyo imayamba kufa. Panjira imaphwanyika m'makona. Ikafika, imakumana ndi mvula ya kuno imene imapitirira mpaka April ndi May, kenako mawawa ndi nkhungu ya June ndi July. Imafewa, imachita chuku, mphemvu n'kumalizitsa podya guluu wa m'mphepete. Komanso otumiza katundu pa ndege sayeza kulemera kokha. Ambiri amachulukitsa utali, m'lifupi ndi msinkhu wa phukusi m'masentimita n'kugawa ndi 5,000, yankho lake n'kulitenga ngati makilogalamu. Bokosi la Funko ndi pafupifupi 16 x 11.5 x 9, ndiye mumalipira ngati gawo limodzi mwa magawo atatu a kilogalamu, pomwe zambiri m'katimo ndi mpweya. Amene akukuuzani kuti Funko ndi posungira ndalama akumbukire kuti mu 2023 kampaniyo idalengeza kuti itaya katundu wa ndalama zoposa madola 30 miliyoni chifukwa adadzaza m'nyumba zosungira. Gulani imodzi kapena ziwiri za munthu amene mumamukonda, muzitulutse m'bokosi, nkhani ithere pomwepo. Feki wake ndi wochuluka: onani kunsi kwa phazi kapena kwa mutu ngati pali chidindo cha Funko ndi nambala yofanana ndi ya pansi pa bokosi, ndipo penti yosefukira m'mphepete mwa maso ikuchenjezeni.

Kwa Hasbro, kampani yopanga zidole za Star Wars, mkangano uli m'nyumba momwemo, pakati pa mitundu yake iwiri. The Black Series, imene idayamba mu 2013, ndi ya mainchi 6, kutanthauza pafupifupi masentimita 15. The Vintage Collection, ya 2010, idasunga msinkhu wa mainchi 3.75 umene kampani ya Kenner idayamba nawo mu 1978. Black Series imaoneka bwino ikaima yokha, zigongono ndi mawondo zimapindika mokwanira, ndipo zotuluka kuyambira cha mu 2018 nkhope zake zimasindikizidwa ndi makina, n'chifukwa chake zimafanana ndi wosewera kuposa zakale. Vintage Collection imapambana pa malo ndi pa zombo. Pa msinkhu umenewu chombo chimatheka kupangidwa, monga Razor Crest, chombo cha Din Djarin, imene Hasbro idagulitsa mu 2020 kwa olipiriratu okha. Kwa wophunzira wa pa Mzuni amene ali ndi shelefu imodzi, kapena woitanitsa kudzera mwa m'bale wobwera ndi chikwama chimodzi, zazing'onozi ndi zimene tingalangize. Khumi zotulutsidwa m'makatoni zimakwana m'kontena ya chakudya. Choipa chake ndi tizida: kamfuti kake n'kochepa kuposa kamtengo ka machesi, kakagwa pasimenti nthawi yosesa kapita.

Mitundu iwiriyi imadwala matenda ofanana. Chidole chatsopano chikafika m'nyengo yozizira, molumikizira mumakhala mouma gwa, ndipo ambiri amathyola mkono tsiku loyamba pokakamiza. Musakakamize. Wiritsani madzi, muwasiye mphindi zisanu, muviike mkonowo kwa masekondi 30 mpaka 60, kenako muupinde mwapang'onopang'ono. Mwendo kapena lupanga lopindika m'katoni limawongoka chimodzimodzi: viikani m'madzi otentha, wongolani ndi zala, muviike m'madzi ozizira mukadagwira. Nthenda yachiwiri ndi ya zoyera. Stormtrooper, msilikali wa zovala zoyera wa mu Star Wars, akaikidwa pawindo amasanduka wachikasu, ndipo nthawi zambiri thupi ndi miyendo zimasintha mosiyana chifukwa pulasitiki yake si imodzi. Alipo amene amayeretsa ndi peroxide wa kirimu wa kusaluni, kupaka, kukulunga m'pulasitiki yoonekera n'kuika padzuwa. Zimayera ndithu, koma chikasu chimabwerera pakapita nthawi, penti imafwifwa, ndipo mukapaka mosafanana mumatsala ndi mawangamawanga. Ochita zimenezi avale magolovesi. Chapafupi n'kusuntha kabati kuti isayang'anizane ndi windo.

Tsopano Gunpla, maloboti a Gundam omanga nokha, imene ife timaiika patsogolo pa zonsezi, ngakhale tikudziwa kuti ambiri kuno sadaonere Mobile Suit Gundam ya 1979 kapena The Witch from Mercury ya 2022. Bandai idayamba kupanga zimenezi mu 1980. Simugula chidole chathunthu, mumagula tizidutswa tomatirira ku mafelemu a pulasitiki, tamitundu yake kale, toti mudule n'kulumikiza nokha popanda guluu. Msinkhu wake umawerengeka mosavuta. Loboti ya RX-78-2 mu kanema ndi yotalika mamita 18, ndiye High Grade ya 1/144 imatuluka pafupifupi masentimita 13, Master Grade ya 1/100 masentimita 18, Perfect Grade ya 1/60 masentimita 30. Yoyambira yabwino ndi Entry Grade ya RX-78-2, imene idatuluka mu 2020 pa mtengo wa mayeni 770 ku Japan, ndipo tizidutswa take timathothoka ndi zala. Real Grade nayo ndi ya 1/144 koma tizidutswa take n'tochepetsetsa, isakhale yanu yoyamba.

Chimene Gunpla imapambanira pa ulendo n'chakuti bokosi lilibe ntchito. Uzani wokutumizirani atulutse mafelemu ali m'mapepala awo, awaike pakati pa zovala pamodzi ndi kabuku ka malangizo ndi masitika, katoni aiphwathalitse kapena aisiye. Kabukuko n'ka zithunzi, chilembo cha felemu ndi nambala ya kachidutswa, monga A12 kapena B3, choncho Chijapanizi sichikulepheretsani.

Pomanga pamafunika zinthu zochepa. Kachodulira kake kenikeni ndi nipper, koma chowengera zikhadabo chatsopano chimagwira ntchito pa High Grade. Dulani kawiri. Koyamba dulani patali pang'ono, kusiya kachitsa ka mamilimita 2, kenako muchepetse kachitsako ndi lezala kapena mpeni wakuthwa, n'kusalaza ndi sandipepala wa nambala 600 kenako 1000. Mukadula kamodzi mogundiza, pulasitiki imapanikizika n'kusiya chipsera choyera chimene chimaonekera kwambiri pa zofiira ndi zabuluu. Musadule tizidutswa tonse nthawi imodzi, chifukwa nambala ili pa felemu, si pa kachidutswa, ndipo zakumanja ndi zakumanzere zimafanana kwambiri. Mukalumikiza molakwika musakoke ndi mphamvu, lowetsani nsonga ya lezala m'mpata n'kutsegula mozungulira pang'onopang'ono, apo ayi timapini tam'kati timathyoka. Tinyanga ta pamphumi tooneka ngati V ndito timayamba kuthyoka, muziikako pomalizira penipeni.

Cholakwa chimene chimawononga ntchito yonse ndi mankhwala. Anthu amafuna kudetsa timizere ta pathupi kuti loboti ioneke yamoyo, n'kuthira penti ya enamel yosungunula ndi thina pa chidole chomanga kale. Thinayo amalowa m'mipata momwe sangaume msanga, amadya pulasitiki, makamaka ya mtundu wa ABS ya m'mafupa a loboti, ndipo patapita masiku phewa limangosweka lokha. Palafini ndi chochotsera kyutekisi ndi zoopsa chimodzimodzi. Gwiritsani cholembera cha nsonga yopyapyala kwambiri kapena pensulo yosongoka, zosefukira mufufute ndi labala. Super glue asayandikire tizidutswa toonekera ngati galasi, nthunzi yake imatichititsa khungu loyera. Za feki, monga za Daban, n'zotsika mtengo koma mapini ake sakwana bwino, ena othina ena okhwepa, moti woyamba kumene akhoza kuganiza kuti vuto ndi manja ake. Chofooka cha Gunpla n'chimodzi ndipo n'chachikulu: si choseweretsa. M'nyumba ya ana aang'ono ikhale m'kabati yotseka, chifukwa tizidutswa take mwana akhoza kumeza.

Kaunjika ndi njira ya wopanda ndalama zakunja, ndipo ndi yokhayo imene mumagwira chinthu musanalipire. Zidole zambiri zatsopano za m'misika yathu, kuphatikizapo zobwera kudzera ku Tanzania, ndi zongofanizira zopanda dzina la kampani, zabwino kwa mwana koma osati za m'kabati. Zenizeni zimabisala m'milu ya zidole zakale pakati pa zimbalangondo zansalu. Tembenuzani chilichonse muone kunsi kwa phazi, kumbuyo kwa ntchafu kapena pamsana. Mukaona LFL kapena Lucasfilm ndi Hasbro kapena Kenner, ndi Star Wars. BBC ndiye Doctor Who, ndipo zambiri za pambuyo pa 2005 zidapangidwa ndi Character Options, za mainchi 5. Paramount ndi Playmates ndiye Star Trek, zimene zidayamba mu 1992 ndi anthu a The Next Generation. Za Playmates zili ndi nambala yakeyake kuphazi, koma nambalayo isakukwezetseni mtengo, zidapangidwa zochuluka zedi. Zosowa zenizeni ndi zochepa, monga Picard wa gawo la Tapestry amene adapangidwa 1,701 okha poyamba.

Dalek wa pa kaunjika kawirikawiri amakhala atataya zitatu zotulukira kunja: diso, mkono ndi mfuti. Wokhala nazo zonse mutengeni ngakhale penti itakalika. Chilichonse cholira kapena choyaka, monga TARDIS kapena sonic screwdriver, kachida ka m'manja ka Doctor Who, tsegulani pa mabatire musanalipire. Ufa woyera pa tizitsulo umachoka ndi thonje loviika mu viniga, kenako kupukuta ndi sipiliti n'kuumitsa. Ngati dzimbiri ladya sipuling'i mpaka kuduka, lipirani ngati chidole chosalira. Chidole chonanda m'manja ndiye kuti mafuta ofewetsa pulasitiki ayamba kutuluka. Sopo wotsukira mbale, madzi ofunda ndi mswachi wakale zimachotsa, koma zimabwerera, choncho chisagundane ndi chinzake pa shelefu chifukwa chimasungunula penti ya mnzakeyo. Molumikizira mokhwepa mumathina mukazula mkono, kupaka kyutekisi woonekera wochepa kwambiri pa kampira kake, kudikira aume usiku wonse, n'kubwezeretsa. Mukabwezeretsa asanaume mwamata mkono mpaka kalekale.

Okonda Star Trek amene mtima wawo uli pa zombo amafunsa za Eaglemoss, tizombo tachitsulo chosakaniza ndi pulasitiki. N'tokongola, koma kampaniyo idagwa mu 2022, ndipo mainjini awiri a chombo cha Enterprise amakhala pa timiyendo topyapyala timene sitipirira kuponyedwa kwa katundu m'buti ya basi. Apa pokha katoni yake yam'kati ndi yofunika, chisayende popanda iyo.

Tikaziika pamodzi, wofuna chokongola pa ndalama zochepa, amene ali ndi madzulo awiri kapena atatu omangira, atenge Entry Grade kapena High Grade. Wa Star Wars weniweni atenge Vintage Collection yachisoti, yotulutsidwa m'katoni, Black Series ikhale ya munthu mmodzi kapena awiri oima patsogolo. Wa Doctor Who ndi Star Trek ayambe ndi kaunjika, chifukwa zatsopano zake n'zovuta kupeza ndipo zodula kutumiza. Funko timaiika pomalizira kwa aliyense wofuna kusunga mabokosi. Zonsezi zimafuna kabati yotalikirana ndi khoma masentimita osachepera 10, chifukwa makoma ambiri a kuno amatuluka thukuta m'dzinja. Ikanimo timapaketi ta silica gel topezeka m'mabokosi a nsapato, tinayi kapena tisanu pa shelefu iliyonse, ndipo kamodzi pa mwezi mutiumitse pa moto wochepa kwambiri mu uvuni kapena padzuwa lamphamvu, chifukwa tikakhuta chinyezi sitiyamwanso. Tizida tating'ono musunge m'timapepala ta mapiritsi totseka pakamwa, dzina la mwini wake litalembedwa panja.