Mabuku a zinjoka aja patatha miyezi 8: awiri ndakasoketsa kwa wosoka nsapato

Lamulungu lapitali titangotuluka m'tchalitchi mnzanga wina anandikokera pambali. "Asisi, mabuku a zinjoka munagulira ana aja akadali amoyo? Wanganso akundivutitsa, ndigule?" Ndinamuuza kuti ndimulembera, chifukwa yankho lake silokamba munthu utaima pakhomo la tchalitchi.

Ndinagula mu Marichi kwa mnyamata wina wogulitsa kudzera pa WhatsApp. Tinakumana pafupi ndi depoti ya ku Old Town. Anali mabuku 8 a Chingerezi: 5 a ana okhala ndi zithunzi, ndi 3 onenepa a akuluakulu, nkhani imodzi yopitirira. Ndinatumiza K72,000 pa Airtel Money, mtima uku ukuwawa, poti chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 buku lakunja silogula mwachisawawa. Iye anandilumbirira kuti onse ndi enieni, ochokera ku UK.

A anawo alibe vuto. Zilembo ndi zazikulu, mitu ndi yaifupi, zikuto zapirira manja a phala ndi chikwama cha kusukulu.

Chimene sindinayembekezere ndi cha agogo awo, mayi anga, amene timakhala nawo kuno ku Area 25. Tsiku loyamba ataona chikuto, chilombo cha mapiko chikulavula moto, anakwiya. Kwa iwo chinjoka ndi chija cha pa Chivumbulutso 12, chofiira, cha mitu 7 ndi nyanga 10, ndipo sanafune kuti chigone m'nyumba mwathu. Mabuku anakhala m'katoni pansi pa bedi masabata awiri. Ndiye usiku wina magetsi atathima, mwana wanga wa Sitandade 6 anatulutsa limodzi n'kuyamba kuwerengera mlongo wake ndi tochi ya foni, akumasulira m'Chichewa mmene akuthera. Bukulo limasiyanitsa zinjoka za ku Ulaya, za mapiko ndi moto, zogonera golide m'mapanga, ndi za ku China, zazitali ngati njoka, zopanda mapiko, zolamulira mvula ndi mitsinje. Agogo anali phee pampando ngati akuwodzera. Mwadzidzidzi ndinangomva, "Iwe, bwereza pamenepo. Ameneyo si Napolo?"

Mayi anga kwawo ndi ku Phalombe. Usiku umenewo anafotokozera ana za mu Marichi 1991, madzi ndi miyala zitatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi, anthu n'kumati Napolo wadutsa. Zaka zonsezi ine sindinawamvepo akuikamba nkhaniyi mpaka kumapeto. Kuyambira pamenepo ndi iwo amene amakumbutsa: "Lero simutiwerengera?" Buku la chinjoka cholavula moto amalikanabe, koma la chamadzi lija amalisunga pamutu pa bedi lawo. Mukanandifunsa mu Juni, ndikanati gulani osayang'ananso mtengo.

Koma tsopano za atatu anga aja. Nkhani yake ndi yokoma, sindinama: mafumu olimbirana mpando, wachinyamata woleredwa ndi chinjoka, zinthu zoti umaiwala nsima pamoto. Loyamba ndinalimaliza bwinobwino, kungoti mapu a kumayambiriro anali osaoneka bwino ndipo inki m'masamba ena inali yotuwa. Lachiwiri ndi limene linandipweteka mtima. Ndili pakati pa nkhondo, pa tsamba 210, ndikutembenuza ndikupeza 179. Masamba 32 anabwerezedwa, ndipo 211 mpaka 242 kulibe. Pofika 243 munthu amene ndinkamukonda kwambiri m'nkhaniyo anali ataikidwa kale m'manda, ine osadziwa chamupha. Ndinakhala pakhonde buku lili pamiyendo, misozi ili pafupi.

Kutentha kwa Okutobala kunamaliza zotsalazo. Nditayang'anitsitsa pamsana pa bukulo ndinaona kuti masamba ake ndi amodziamodzi, ongomatidwa ndi guluu wopyapyala, pomwe a ana aja ndi opindidwa m'timagulu n'kusokedwa ndi ulusi. Guluuyo atauma anasweka ngati chikhokho cha nsima. Ukatsegula buku mu minibasi masamba amagwera pamapazi a anzako. Tepi sinathandize. Mapeto ake ndinatenga loyamba ndi lachitatu kupita nawo kwa bambo wina wosoka nsapato pa Nsungwi. Anawatembenuza, anaboola timabowo 5 m'mbali, n'kusoka ndi ulusi wa nsapato, K1,500 buku limodzi. Sakutseguka mpaka pakati, zilembo za m'mphepete uyenera kuzisuzumira, koma palibe tsamba lagwanso.

Wogulitsa uja ndinamutumizira zithunzi za masamba obwerezedwawo mu Julayi. Anayankha mwaulemu, "Pepani madamu, ndikusinthirani katundu akangofika." Ogasiti anati katundu ali pa boda. Seputembala mauthenga ankawawerenga osayankha. Mwezi watha ndinamuimbira ndi foni ya amuna anga, anayankha msangamsanga, n'kunena kuti buku lachiwiri lapezeka koma ndiwonjezere K6,000 poti dola yakwera. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, ine ndinalipira buku lathunthu, mwandipatsa loperewera. Kuwonjezera kwa chiyani?" Anati tikambirana. Mpaka lero.

Ndiye asisi, mwa K72,000 ija, ya mabuku a ana sindikuidandaula ngakhale tambala. Ya atatu aakuluwo, kuphatikiza K3,000 yosoketsa ndi ma yuniti onse ndamuimbira, ndinaluza. Mukafuna kugula, yambani mwapita ndi mwanayo ku National Library ku City Centre mukaone ngati nkhani zamtunduwu zikumugwiradi mtima. Pogula yang'anani pamsana ngati pali ulusi, werengani manambala a masamba kuyambira koyamba mpaka kumapeto wogulitsayo ali pomwepo, ndipo ndalama mutumize buku lili kale m'manja mwanu. Nambala ya mnyamata ujayo sindikupatsani mpaka atandibweretsera masamba anga 32.