Corolla yotsitsidwa ija: kutsogolo kulibe vuto, kumbuyo kwandidyera matayala

Sabata yatha ndalipira 7,000 meticais kugula matayala awiri akumbuyo, ndiye ndati ndilembe momwe Corolla yanga yayendera chiitsitsireni. Dzinja lonse ladutsa ili chotsika. Ndi ya mtundu wa AE110 ya 1997, injini yake 5A-FE. Imagona ku Ulongwe koma mwezi sutha isanatsikire ku Tete.

Ndinagula masipuling'i anayi ofiira kwa bambo wina wogulitsa zida za galimoto mumzinda wa Tete, pa mtengo wa 9,000 meticais. Iwo anati galimoto itsika ndi masentimita 3 basi, kutsogolo ndi kumbuyo chimodzimodzi. Mashoko ndinasiya akale omwewo poti anali asanayambe kudontha.

Zabwino zilipo. Ikuoneka bwino. Pamakhota a msewu wopita ku Mussacama siyendanso chopendekera ngati kale. Ndikamapatukana ndi mathiraki cha ku Moatize, mphepo yake siikankha kwambiri. Mahampu ndimakwera mopingasa, ndipo sampu (mosungira oyilo kunsi kwa injini) sinagundepo pansi.

Vuto ndi kumbuyo. Tayala lakumanzere likangolowa m'dzenje, kapena galimoto ikamatsika pa hampu, kumamveka "gu!" ngati wina waponya chitsulo m'buti. Pa tala wosalala, zii. Pa msewu wafumbi wopita kumunda, kugunda mpaka mwana kudzuka. Makaniko woyamba anati ndi mabushi (timalabala ta m'miyendo ya galimoto), tinasintha, osasiya. Wina anamanga ekizozi ndi waya. Ndinafika pokhutula zonse za m'buti, jeke ndi sipeya yomwe, koma phokoso lili pomwepo.

Amene anagwira mfiti ndi mkulu wina wa galaji ya pansi pa mtengo konkuno ku Ulongwe. Anakweza galimoto pa jeke mpaka tayala kulendewera, n'kulowetsa dzanja. Sipuling'i inazungulira ndi zala zokha. Anandiyang'ana n'kuti, "Achimwene, iyitu sikuyenera kuseweranso. Tayala likalendewera iyo izikhalabe yopanikizika. Akale aja munataya?"

Mwamwayi anali m'thumba kuseri kwa nyumba. Tinawaika pambali pa ofiira aja ndipo nkhani inadziulula yokha. Akutsogolo ndi enieni otsitsira galimoto: ali ndi nambala yodindidwa, ndipo mbali imodzi mizere yake ndi yothinana, kuti sipuling'i ikhale yaifupi ikalemedwa koma isachoke m'malo mwake tayala likatsika. Akumbuyo ayi. Kunenepa kwa chitsulo n'kofanana ndi akale anga, mipata ya pakati pa mizere ndi yomweyo, kungoti akupereweza mzere umodzi ndi theka. Nsonga yake ndi yokhakhala, ya mano a gilayinda, ndipo inali itang'amba kale labala wa pansi pomwe imakhazikika. Mkuluyo atapala penti yofiira ndi mpeni, pansi panatuluka yakuda ndi kadontho kautoto, kaja a Toyota amaika posiyanitsa masipuling'i awo. Kunena mwachidule, ndinagula masipuling'i wamba odulidwa n'kupakidwa penti.

Apa ndi pomwe matayala akulowera. Titayeza kuchokera pakati pa limu kufika pa mkombero wa bodi, kumbuyo kunali kutatsika ndi masentimita 5 m'malo mwa 3, kuposa kutsogolo. Corolla ya mtundu uwu kumbuyo tayala lililonse lili ndi mwendo wakewake, osati chitsulo chimodzi cholumikiza onse awiri ngati pa Corolla ya NZE121 yomwe inabwera pambuyo pake. Ndiye ukaitsitsa kwambiri, mitu ya matayala imapendekera mkati, n'kumayenda chodalira m'mphepete mwa mkati. Ukaima panja tayala limaoneka lanyuwani, koma ukagwada n'kusisita mkati umakumana ndi mawaya. Onjezerani matumba awiri a mbatatesi m'buti, galimoto imakhala pa timalabala totchinga ta kumapeto kwa shoko, shoko osapezanso poyendera. Shoko lakumanzere layamba kale kunyowa mafuta.

Mnzanga wina wa ku Moatize akufuna kutsitsa yake ndipo amandifunsa chomwe ayang'ane. Ndinamuuza kuti asamanene kuti "Corolla" chabe, chifukwa ma Corolla ndi ambiri ndipo miyendo yawo ndi yosiyana. Awerenge kachitsulo ka m'boneti kolembedwa mtundu wa galimoto, apite ndi sipuling'i yakale m'manja, ayang'ane nambala ndi nsonga zonse asanatulutse ndalama. Akamanga, akweze galimoto aone ngati sizikugwedezeka, kenako akapimitse alaimenti.

Tsono za mwini sitolo. Nditapita nazo, poyamba anati vuto ndi mashoko anga otopa. Nditawaonetsa popalidwa paja, mawu anasintha, akuti katundu anabwera choncho m'katoni ndipo naonso anapusitsidwa. Mwina n'zoona, koma munthu amene amagwira zitsulo tsiku ndi tsiku angalephere kuona nsonga yodulidwa? Anafuna kuti ndionjezere ndalama andiitanitsire ena. Ndinakana. Tinakambirana mpaka thukuta la ku Tete kutinyowetsa malaya, mapeto ake tinagwirizana kuti abweze theka, 4,500. Za matayala anati sizikuwakhudza.

Panopa kumbuyo ndabwezeretsa masipuling'i akale. Phokoso latheratu, koma galimoto yazyolika, mphuno pansi thako m'mwamba, moti anyamata a pamsika amafunsa ngati ikufuna kudya msipu. Tsiku lomwe ndikutsetsereka pa tala wabwino, chiwongolero chikumvera, ndimati ndinachita bwino ndipo ndingotsiriza ntchito pogula akumbuyo enieni. Ndikakumbukira mabushi osalakwa aja, matayala, ndi shoko lomwe likundidikira, ndimafuna kubwezeretsa ndi akutsogolo omwe, nkhani ithe.

Pa 4,500 ija anditumizira 2,000 pa M-Pesa. Yotsalayo akuti kumapeto kwa mwezi, ndipo foni akumayankhabe. Akamaliza kulipira ndigula masipuling'i akumbuyo, koma kwa munthu wina, ndipo mkulu wa galaji uja tipitira limodzi. Akapanda kutero, Corolla ikwera kubwerera pa msinkhu wake, ofiira akutsogolowo ndigulitsa kwa mnzanga wa ku Moatize.