Ma core 4, 6, 8 kapena 12: kompyuta ya magemu m'kutentha kwa ku Ngabu

Mlamu wanga ali ndi kashopu ku Ngabu komwe anyamata amasewera mpira wa pakompyuta akaweruka kusukulu. Akufuna kuwonjezera makompyuta awiri, ndiye ananditumizira zithunzi zitatu za mapurosesa (ubongo wa kompyuta) pa WhatsApp: Intel Core i3-12100F ya ma core 4 (core ndi kagawo ka purosesa kogwira ntchito pakokha), Ryzen 5 5600 ya ma core 6, ndi Xeon E5-2670 v3 ya ma core 12 yomwe mtengo wake unali wotsika kuposa zonse. "Alamu," anatero, "apa pali chokambirana ngati? Si 12 basi?"

Ndinamufunsa ngati anagulitsapo thonje. Pamsika wa thonje onyamula mabelo angakhale khumi, koma sikelo ikakhala imodzi mzere umayenda monga mwa changu cha woyezayo. Magemu ambiri ali chimodzimodzi. Pali ntchito imodzi yaikulu yosagawika, yowerengera komwe mpira wagwera ndi kuuza khadi la zithunzi choti lijambule, ndipo imagwera core imodzi. Ma core ena amathandiza pa phokoso, khamu la m'bwalo ndi zina zing'onozing'ono. Core yotsogolerayo ikakhala yaulesi, enawo amangoyima manja ali m'chiuno. Xeon ija ndi ya 2014, yopangidwira maseva (makompyuta aakulu otumikira makompyuta ena), ndipo liwiro lake loyambira ndi 2.3 GHz. Onyamula 12, woyeza wokalamba. Tinayichotsa pamndandanda.

Ma core 4 ali mitundu iwiri, ndipo ambiri amapusitsidwa pomwepa. Makompyuta akale a mu ofesi, ma Dell OptiPlex omwe amadzaza m'mashopu a ku Limbe, kawirikawiri amakhala ndi purosesa ngati i5-4570 ya 2013: ma core 4, iliyonse ikugwira ntchito imodzi panthawi. Pa GTA V ndi PES yakale imakoka ndithu. Koma gemu ya mpira ya EA Sports FC 24 imafuna i5-6600K kapena Ryzen 5 1600 poyambira, ndiye ya 2013 yatsala kale m'mbuyo. Komanso Windows 11 imavomereza ma Intel oyambira m'badwo wa 8, omwe ndi atsopano kuposa i5-4570, pomwe Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mu Okutobala 2025. I3-12100F ya 2022 ndi nkhani ina. Ma core ndi 4 omwewo, koma iliyonse imagwira ntchito ziwiri panthawi imodzi ndipo ndi yachangu kwambiri. Pa mpira ndi magemu omenyana sungadandaule. Vuto limabwera pa magemu atsopano a mizinda yodzaza anthu: chithunzi chimadukiza pang'onopang'ono, makamaka browser ikatsegulidwanso kumbali.

Ma core 6 ndi pomwe mtima wanga wakhazikika. Ryzen 5 5600 ndi i5-12400F, zonse za 2022, zimagwira ntchito 12 panthawi imodzi ndipo zinalembedwa 65 W (ma watt, muyezo wa mphamvu ya magetsi). Ma core awiri owonjezerawo ndi amene amanyamula Windows, pulogalamu yoteteza ku mavairasi ndi nyimbo zomwe mwini shopu sangalole kuzimitsa, n'kusiyira gemu malo ake. Pakati pa ziwirizi, Ryzen ija, ya kampani ya AMD, imalowa pa bolodi (pomwe zida zonse za kompyuta zimalumikizidwa) la mtundu wa AM4, lomwe lakhalapo kuyambira 2016, motero mabolodi ogwiritsidwapo kale ntchito savuta kupeza. Chenjezo limodzi: 5600 ndi ma Intel onse othera ndi F alibe zojambulira zithunzi mkati. Khadi likafa, sikirini imangoti bii. Ilipo 5600G yomwe imaonetsa zithunzi payokha, koma cache yake (kankhokwe ka mkati mwa purosesa) ndi 16 MB pomwe 5600 ili ndi 32 MB, ndiye ukaika khadi imatsalira pang'ono.

Okonda ma core 8 amatchula PlayStation 5 ndi Xbox Series X, zomwe zinatuluka mu Novembala 2020 zili ndi ma core 8. N'zoona, koma ma core ake ndi a mtundu wa Zen 2, wakale poyerekeza ndi Zen 3 wa mu 5600, ndipo gemu silipatsidwa mphamvu yonse chifukwa ina imasungidwira dongosolo la makinawo. Ena amaloza Ryzen 7 5800X3D, yomwe inachitadi zodabwitsa mu 2022. Chinsinsi chake si ma core 8 koma cache ya 96 MB, nkhokwe yapafupi yomwe imapulumutsa purosesa ku maulendo opita ku RAM, komwe kompyuta imasunga zomwe ikugwiritsa ntchito panthawiyo. Ma core 8 ndi oyenera kwa amene amasewera uku akuulutsa pa YouTube, kapena amene masana amakonza mavidiyo a maukwati. Kuulutsako, ndi mitengo ya mabandulo, ndi angati kuno angakwanitse tsiku ndi tsiku?

Tsopano chomwe oyesa makompyuta a ku Ulaya saganizira. Iwo amayesera m'zipinda zozizira. Kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo m'shopu ya malata masana mumakhala ngati mu uvuni ya njerwa. Fani ya purosesa imaziziritsa ndi mpweya womwe ulipo. Mpweyawo ukakhala wotentha kale, purosesa imafika msanga pa malire ake, cha m'ma 90 mpaka 100, n'kudzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Core i9-13900K ya ma core 24 imatha kukoka 253 W. Ukayiika ku Nsanje popanda choziziritsira chodula, walipira ndalama za ngolo ya ng'ombe zinayi koma zikukoka ziwiri. Onjezerani fumbi la chilimwe lomwe limatseka tizitsulo ta choziziritsira m'masabata ochepa.

Magetsi nawonso. Tonse tikukumbuka momwe zinalili namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, ndipo ambiri kuyambira pamenepo anagula sola, mabatire ndi inveta. Pa batire, watt iliyonse imawerengedwa. Purosesa ya 65 W ndi khadi lapakatikati zimalola inveta yaing'ono kupirira mpaka masewero athe, m'malo mozima timu ikutsogola 2-1 anyamata n'kuyamba kufuna ndalama zawo.

Mlamu ndinamuuza agule 5600, ndipo ndalama yomwe akanawonjezera pa ma core 8 ipite ku khadi la zithunzi ngati RX 6600, chifukwa pa magemu ambiri khadi ndi limene limayamba kutopa. RAM ikhale 16 GB m'timitengo tiwiri ta 8, osati kamodzi ka 16. Kafani kobwera m'bokosi akasinthe ndi choziziritsira chachitali, ndipo kompyuta ikhale patebulo, osati pansi pomwe tsache limaponyera fumbi. Bajeti ikavuta pa kompyuta yachiwiri, i3-12100F ikwanira mpira. Wati akwera Thabwa Loweruka kukaona mitengo ku Blantyre, ndipo ndamuuza asalipire asanaone nambala yonse ya purosesa pa sikirini.