Buku la Banfield lofufuza nyimbo za Sondheim: muliwerenge piyano ili pafupi

Nyenyezi 4 mwa 5.

Sondheim's Broadway Musicals, buku la Stephen Banfield limene linatuluka mu 1993 ku University of Michigan Press, limasanthula mmene Stephen Sondheim, wopeka nyimbo wa ku America, ankamangira nyimbo za m'zisudzo zake za ku Broadway, dera la nyumba za zisudzo ku New York, chisudzo chilichonse pachokhapachokha, kuyambira A Funny Thing Happened on the Way to the Forum cha 1962 kukafika ku Into the Woods cha 1987. Banfield anaona zolemba pamanja za Sondheim mwini wake, ndipo mphamvu ya bukuli yagona pamenepo.

Musaligule ngati simuwerenga manotsi a pamizere isanu. Zitsanzo zake zili m'manotsi otero, ndipo wozolowera sol-fa ya kukwaya yekha adzangodumpha masamba. Njira yabwino ndi kukhala ndi zinthu zitatu patebulo: bukuli, vocal score (buku la manotsi a oimba ndi a piyano) ya chisudzocho, ndi chimbale cha oimba oyamba. Mverani chisudzo chonse kaye, kenako werengani mutu wake, chitsanzo chilichonse muchiyese pa piyano musanapitirire. Mukatero mudzamva nokha nyimbo yamaliro ya Akatolika, Dies irae, itabisala mu Sweeney Todd (1979), komanso kanyimbo ka manotsi asanu koimira nyemba zamatsenga za m'nkhaniyo kakubwerabwera mu Into the Woods. Pa A Little Night Music (1973) werengani kugunda mokweza, chifukwa pafupifupi chisudzo chonse chimayenda patatupatatu, ndipo Send in the Clowns imasinthasintha pakati pa kagundidwe ka 12/8 ndi ka 9/8. Wongowerenga ndi maso sangazigwire zimenezi.

Ambiri amasokonezeka pa zimbale. Chimbale cha Follies cha 1971 anachipanikiza pa mbale imodzi ya galamafoni (LP), nyimbo zina anazidula, zina anazichotseratu, ndiye mumafunafuna gawo limene likukambidwa koma osalipeza. Onjezani chimbale cha konsati ya Follies ya ku New York ya 1985. Merrily We Roll Along nachonso chinakonzedwanso pambuyo poti chinalephera pa Broadway mu 1981, choncho onani kaye kuti score yanu ndi ya chaka chiti. M'chisudzo chimenechi nkhani imayenda chobwerera m'mbuyo, moti nyimbo mumayamba kuimva ikubwerezedwa musanaimve pamene inabadwira. Mutu umenewu uwerengeni kawiri.

Nyenyezi imodzi yachoka pa zifukwa ziwiri. Chingerezi chake n'cha kuyunivesite, cholemera, ndipo mawu ena a ukatswiri wa nyimbo amafuna dikishonale pambali. Chachiwiri si vuto la mlembi: Passion (1994) ndi Road Show (2008) mulibe, popeza zinabwera bukuli litatuluka kale. Wofuna kumva Sondheim akudzifotokozera yekha za mawu a nyimbo zake atenge Finishing the Hat, la 2010, aziwerenga mosinthana ndi ili.